Kulera Tiana ta Dowe ku Nyachikadza

Abale ndi alongo, makamaka inu a m'mphepete mwa nyanja, nkhani yathu ndi ya kaleredwe ka tinyama ta m'madzi pakhomo. Tonse timadziwa kuweta nkhuku, abakha, nkhunda ndi mbuzi, ndipo nsomba timazidziwa ngati ndiwo kapena malonda. Koma masiku ano ana athu akuona pa foni anzawo a maiko akutali akusunga tinyama ta m'madzi m'nyumba, osati kuti adye, koma kungotisamala ndi kumationerera. Mwana akaona zotere amayamba kuumiriza kuti nayenso akufuna kake, ndipo kholo limasowa pogwira pakuti palibe amene anatiphunzitsapo ntchito imeneyi. Ife tinaiphunzira kuno ku Nsanje, ndipo taganiza kuti tikugawireniko zimene taona ndi maso athu.

Kwathu kwenikweni ndi ku Mangochi, koma malonda a nsomba zouma ndi mbatata anatikokera ku Chigwa cha Shire zaka zingapo zapitazo, ndipo tili ndi dimba m'dera la Mfumu Nyachikadza. Derali lili m'dambo lalikulu la Ndindi, kumalire ndi dziko la Mozambique, ndipo munthu amafikako pa bwato. Kuno madzi ndiwo amalamula. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, a namondwe wa Idai mu Malichi 2019 ndi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, onsewa anadutsa m'midzi imeneyi. Paja akulu anati madzi saiwala khwawa. Koma madzi omwewo akamaphwa amasiya nthaka yachonde imene imabereka chimanga, nyemba ndi mbatata, amasiyanso zithaphwi zodzaza ndi tamoyo tosiyanasiyana. M'zithaphwi zimenezi ndi mmene ana a kuno amaphunzirira nsomba.

Chiyambi cha nkhani ndi amalume awo a ana athu amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Atabwera kudzationa, anaonetsa anawo kanyama kena pa foni, koyera mofiirira, ka nkhope ngati kakumwetulira, kokhala ndi tinthu tonga nthenga m'mbali mwa mutu. Dzina lake ndi axolotl. Kuyambira tsiku limenelo nyimbo inali imodzi: "Ababa, tigulireni kotere. Amayi, auzeni ababa atigulire." Sitinafune kungowakaniza popanda chifukwa, choncho tinakhala pansi ndi amalumewo n'kufufuza za kanyamako.

Tinapeza kuti axolotl ndi mbale wa achule, ngakhale thupi lake likunga la buluzi. Mbululu ikamakula imataya makha, ziwalo zija zopumira m'madzi, n'kutuluka kumtunda ili chule. Axolotl satero. Amakalamba ali m'madzi ndi makha ake akunja, atatu mbali iyi, atatu mbali inayo, ndipo ndi amenewo amaoneka ngati nthenga. Akaduka mwendo kapena mchira umaphukanso, n'chifukwa chake akatswiri a zachipatala amamuphunzira kwambiri. Kwawo ndi kumodzi kokha padziko lonse lapansi, m'ngalande za Xochimilco mumzinda wa Mexico City. Kumeneko watsala pang'ono kutheratu. Mu 1998 akatswiri anawerengera axolotl pafupifupi 6,000 pa sikweya kilomita imodzi, mu 2008 anapeza 100, ndipo pofika mu 2014 sankakwana ndi 40 omwe. Ambiri amene anthu amasunga m'nyumba lero ndi zidzukulu za ochepa amene anatengedwa kupita ku Paris mu 1864.

Chimene chinatsekeratu nkhani ndi kutentha. Axolotl amafuna madzi ozizira, a madigiri 16 mpaka 18, ndipo akapitirira madigiri 24 amayamba kudwala ndi kukana chakudya. Inu amene munafikako ku Nsanje mu Okutobala kapena Novembala mukudziwa kuti kuno kutentha kumapyola madigiri 40, mwakuti madzi a m'ndowa amafunda ngati oti musambe. Ife tilibe magetsi oti n'kuziziritsira madzi usana ndi usiku. Tinawauza anawo mosabisa kuti kubweretsa kanyama kotere kuno n'kukaphika kali kamoyo, ndipo kukonda chinthu sikutanthauza kuti uchisunge pamene sichingakhale. Anakhumudwa, koma anamva.

Amene anatitsegula maso ndi agogo ena oyandikana nafe dimba, msodzi wakale wa mono. Iwo amalankhula Chisena, koma timamvana bwino. Ataona chithunzi chija anaseka nati: "Ana inu, mukulirira za kutali chonsecho mwana wa dowe ali ndi nthenga zomwezi." Tikati dowe, inu a ku Salima ndi Nkhotakota mwina muganiza za chimanga chachiwisi chootcha. Kuno dowe ndi nsomba ya m'dambo, imene akatswiri amaitcha Protopterus annectens. Ambiri a kunyanja simunaionepo, pakuti nsomba za kumunsi kwa Shire ndi za mtundu wa ku Zambezi, ndipo mathithi onga a Kapichira amazitsekereza kuti zisakwere kumtunda. Dowe ndi wamtali, woterera, ndipo wamkulu amafika pafupifupi mita imodzi. M'malo mwa zipsepse ali ndi tizingwe tinayi tonga miyendo. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti ali ndi mapapo. Pakapita nthawi pang'ono amakwera pamwamba kudzameza mpweya, ndipo mukamutsekera pansi pa madzi amafa ngati munthu womira.

Mapapo amenewa ndiwo amamupulumutsa m'chilimwe. Dambo likamauma dowe amakumba m'matope, n'kudzipinda, n'kudzikuta ndi zoterera za thupi lake zimene zimauma kukhala ngati chikwa. Amasiya kabowo kopumira, ndipo amagona choncho miyezi yambiri osadya kanthu, kudikira mvula. Mvula ikagwa amadzuka n'kuyamba kuswana. Wamwamuna ndiye amalondera chisa, ndipo mazira amaswa patatha pafupifupi sabata imodzi. Tiana timabadwa ndi makha akunja, anayi mbali iliyonse, ndipo timapumira amenewo mpaka mapapo atakhwima patatha pafupifupi mwezi. Pamsinkhu umenewo kamwana ka dowe ndi ka axolotl n'tofanana kwambiri, mwakuti ana athu ataona koyamba anaiwaliratu za pa foni zija.

M'mwezi wa Febuluwale madzi anabwerera pang'ono m'mbuyo n'kusiya chithaphwi chosaya kumapeto kwa dimba lathu. Akakowa anali atachizungulira kale. Agogo aja anaitana ana, ndipo ndi lichero anavuula tiana tinayi ta dowe, kalikonse kotalika ngati chala cha mwana. Asanatipereke anafunsa anawo funso limodzi: "Ndani adzidzuka m'mawa kusintha madzi?" Onse atatu anakweza manja. Agogowo anati: "Mwamva inu makolo, alonjeza okha." Kamodzi kanali kojomphedwa kale ndi mbalame pamsana ndipo kanafa tsiku lachiwiri. Mwana wathu wamng'ono analira, nakakakwirira pansi pa nthochi. Titatu totsalato tinatilera kwa miyezi itatu, ndipo zimene tinaphunzira ndi izi.

Choyamba ndi madzi. Tinazindikira kuti wolera kanyama ka m'madzi ntchito yake yaikulu ndi kusamala madziwo. Nkhuku ikadetsa khola imatuluka kukayenda, koma nsomba imapuma ndi kugona m'madzi omwe yadetsawo. Zonyansa zake ndi chakudya chotsala zimaola n'kutulutsa poizoni wosaoneka ndi maso amene amaotcha makha. Choncho tsiku lililonse m'mawa ana ankachotsa gawo limodzi la magawo atatu a madzi n'kuthiramo ena amene agona usiku wonse m'ndowa pamthunzi pomwepo, kuti kafundidwe kake kafanane. Kukhuthula onse nthawi imodzi n'kuthira ozizira kumadzidzimutsa tianato. Beseni sitinkalitsuka ndi sopo, koma ndi madzi okha ndi kansalu kake kosiyana. Madzi sanali akuya, ongofika pachigongono cha mwana, kuti tikafuna mpweya tisavutike kukwera.

Pano tichenjezane bwino pa nkhani ya klorini. Chiyambire mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, mabanja ambiri tinazolowera kuthira klorini m'madzi akumwa, ndipo chizolowezi chimenechi n'chopulumutsa miyoyo, tisachisiye ndi tsiku limodzi lomwe. Koma klorini yemweyo amapha nsomba ndi mbululu. Motero pakhomo pathu panali ndowa ziwiri zodziwika bwino: yabuluu yovundikira, ya madzi akumwa othira mankhwala, ndi yakuda ya dowe. Mwana aliyense ankadziwa kuti ya dowe samwa, ndipo yakumwa sathira m'beseni. Lamulo lomweli limagwiranso ntchito kwa osunga axolotl kumaiko akutaliko, kumene madzi a m'mipopi amakhala ndi klorini.

Chachiwiri ndi chakudya. Ana ankafuna kugawana ndi tianato nsima ndi zitumbuwa, koma agogo aja anakaniza. Kamwana ka dowe kamadya zamoyo zing'onozing'ono, ndipo nsima imangosungunuka n'kuononga madzi. Masabata oyamba tinkatipatsa mphutsi za udzudzu zimene ana ankasefa ndi kansalu m'zigoba ndi m'mabotolo osweka ozungulira nyumba. Phindu linali pawiri, pakuti posaka mphutsizo ankakhuthulanso madzi onse oima amene udzudzu umaswanamo. Titakulirapo tinayamba kudya nyongolotsi zoduladula, ndipo pambuyo pake tizidutswa ta nsomba yaiwisi yopanda mchere. Tinkadyetsa madzulo, pakuti dowe amachangamuka kukamada ndipo maso ake saona bwino, amadalira fungo. Muyeso wake unali wapafupi: chimene sichinadyedwe pofika nthawi yathu yogona chichotsedwe. Mwana amaganiza kuti kupereka chakudya chambiri ndiko kukonda, koma m'beseni chakudya chambiri ndi imfa.

Chachitatu, tiana timeneti sitikhala pamodzi. Tsiku loyamba lomwe agogo anatiuza kuti kalikonse kakhale ndi beseni lake, chifukwa dowe amaluma mnzake, makamaka wamkulu akapeza wamng'ono. Umboni tinauona pomwepo, pakuti m'kachidebe kamene tinanyamulira kuchokera kudimba kamodzi kanali katadula kale mnzake nsonga ya mchira. Ana anada nkhawa kuti kalumala mpaka kalekale. Agogo anangoti: "Dikirani, kuona maso a nkhono n'kudekha." Patapita masabata angapo pamalo podukapo panaoneka kanyama koyera kopyapyala, ndipo pang'ono ndi pang'ono mchira unabwerera. Dowe naye amaphukanso mchira ndi tizingwe take tija monga achitira axolotl, ndipo tiana ta axolotl natonso timalumana miyendo tikapanikizana. M'beseni lililonse tinaikamo phale la mphika wosweka kuti kazibisalamo, pakuti kuwala kwambiri kumakasowetsa mtendere. Timiyala ting'onoting'ono sitinaikemo, kuopa kuti kangameze pamodzi ndi chakudya.

Chachinayi ndi chitetezo, cha tianato komanso cha ana athu. Mabeseni ankakhala pakhonde la mthunzi, ovundikiridwa ndi chidutswa cha ukonde wakale wa nsomba chotsinjiza ndi njerwa, chifukwa abakha ndi amphaka samvera malamulo, ndiponso dowe amatha kukwawa n'kutuluka. Neti yogonamo sitinaikhudze, ntchito yake ndi kuteteza ana ku malungo. Tinaletsa kugwira tianato ndi manja, pakuti zoterera za pakhungu ndizo zimatiteteza ku matenda, komanso dowe akakula mano ake amaphwanya chigoba cha nkhono, ndiye chala cha mwana si kanthu. Kukatunga madzi kudambo inali ntchito ya akuluakulu okha. Mumtsinje wa Shire ndi m'madambo ake muli ng'ona, ndipo madzi oima amakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo, matenda amene inu a kunyanja mukuwadziwa bwino. Akamaliza ntchito ya m'beseni, aliyense ankasamba m'manja ndi sopo asanagwire chakudya.

Sitinganene kuti ntchitoyi inali yosangalatsa masiku onse. Sabata yoyamba ana ankalimbirana kusintha madzi. Pofika sabata yachitatu chidwi chinali chitazirala, ndipo m'mawa wina tinamva wamkulu akuuza mng'ono wake kuti lero ndi tsiku lako. Mayi awo anawaitana onse nawafunsa: "Kodi tianati tinakupemphani kuti mutichotse m'dambo? Munatitenga ndinu. Tsono sitingathe kukatunga madzi tokha, sitingathenso kulira kuti mumve." Kuyambira pamenepo anagawana masiku, nalemba ndi khala pakhoma la khitchini. Mwana wathu wamkazi ndiye anayamba kuzindikira zizindikiro: makha akakhala otambasuka ndi ofiira bwino, madzi ali bwino, akafota, kapena kanyama kakamangokana chakudya, madzi asinthidwe msanga. Iyeyo ndiyenso anaona koyamba kamodzi kakukwera pamwamba n'kumeza mpweya, nathamanga kudzatiitana ngati waona mlendo.

Mlandu waukulu unabuka tchuthi chitayandikira. Mwana wathu wamwamuna anafuna kutenga kamodzi m'botolo kupita nako ku Mangochi kuti akaonetse agogo ake, ndipo kakakula akakaponye m'nyanja. Tinamukaniza, ndipo chifukwa chake chili m'nkhani ya axolotl yomwe ija. Mwa zimene zamutha ku Xochimilco, kuwonjezera pa kuuma ndi kuipitsidwa kwa madzi, pali nsomba zachilendo zimene anthu anathiramo ndi cholinga chabwino chopezera anthu ndiwo. Ina ndi carp, ina ndi tilapia yochokera kuno ku Africa, mbale wa chambo ndi makumba athu. Nsombazi zimadya mazira ndi tiana ta axolotl. Taonani, nsomba imene kwathu ndi dalitso, kwa eni ake inasanduka tsoka. Chitsanzo china tili nacho pakhomo pompano: namasupuni, amene kwawo ndi ku South America, anadzaza mtsinje wa Shire mpaka kutseka njira za mabwato ndi kusokoneza makina a magetsi. N'chifukwa chake lamulo loyang'anira za nsomba la 1997 sililola munthu kuthira nsomba yachilendo m'madzi a dziko lino popanda chilolezo. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba zimene sizipezeka kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo si malo oyeserapo zofuna za mwana. Agogo ake anaona dowe pa chithunzi cha pa foni, ndipo zinakwanira.

Pofika mu Meyi tianato tinali titatalika ngati supuni ya tiyi, makha aja atafupika, ndipo tinkapuma mpweya ngati akuluakulu. Mabeseni anayamba kuchepa. Dowe amakhala zaka zambiri ndipo amakula kuposa chotengera chilichonse cha m'nyumba mwathu. Agogo aja anatilangiza kuti tisadikire chilimwe, koma titibweze madzi adakalipo ndi matope adakali ofewa, kuti tipeze malo ndi kunenepa nthawi yokumba isanakwane. Tinapita nato pa bwato kudambo lomwe lija limene madzi ake anadzaza chithaphwi chathu, pamalo a bango ndi nyika. Aliyense mwa ana anapendeketsa beseni lake yekha. Wamng'ono anafunsa ngati kake kadzamukumbukira. Tinamuyankha kuti nsomba sikumbukira munthu, koma kali moyo chifukwa iye anadzuka m'mawa uliwonse kwa miyezi itatu.

Tsono inu makolo anzathu a ku Makanjira, Malindi, Chipoka, Nkhotakota ndi kwina konse, mwana akadzakupemphani kanyama ka pa foni musafulumire kukalipa, musafulumirenso kutuma abale a ku Joni kuti akagule. Yambani mwafunsa kuti kwawo n'kuti, kamafuna madzi otani, kamadya chiyani, ndipo kadzakula bwanji. Mukaona kuti kwanu sikangakhale, muuzeni mwanayo zoona. Kenaka pitani naye kwa asodzi achikulire a m'mudzi mwanu, pakuti iwo amadziwa tamoyo ta m'madzi anu kuposa foni. Ngakhale mbululu zochepa m'beseni zikhoza kumuphunzitsa zonse tafotokozazi: madzi oyera opanda klorini ndi sopo, chakudya chochepa, mthunzi, chivundikiro, ndi kubweza chamoyo kumene chinachokera nthawi ikakwana. Mwana amene waphunzira kuti madzi akuda amapha kanyama kake sadzataya zinyalala m'nyanja mosaganiza, ndipo akadzagwira khoka adzadziwa chifukwa chake nsomba zing'onozing'ono timazisiya kuti zikule.